Kompyuta ikuzima yokha masana: kodi purosesa yatha?

Funso: Ndili ndi kabizinesi kotayipa makalata, kusindikiza ndi kuchita fotokope ku Chibavi, kuno ku Mzuzu. Ndimagwiritsa ntchito kompyuta ya patebulo ndi laputopu, zonse ndinagula zogwirapo kale ntchito. Chiyambire Seputembala laputopuyo ikumatentha kwambiri, fani yake ikumasokosa, ndipo ikumazima yokha makamaka masana. Ya patebulo nayo yayamba kuchedwa. Wina wandiuza kuti purosesa yatsala pang'ono kupsa, ndigule ina. Chikundidabwitsa n'chakuti Mzuzu ndi kozizira. Ndichite chiyani kuti makinawa asandifere? Ndine mayi wa ku Chibavi.

Yankho: Mayi, khazikani mtima pansi, pakuti malinga ndi zimene mwafotokozazi purosesa yanu, kachipangizo kamene kamachita ntchito yowerengera ndi kuyendetsa mapulogalamu m'kompyuta, sinapse, ndipo kugula ina sikungathetse vutoli. Purosesa ikapsa kompyuta siyaka n'komwe, pamene yanuyo ikuyaka, ikugwira ntchito kwa kanthawi, kenako n'kuzima. Kuzimako ndi njira imene purosesa imadzitetezera kutentha kukafika poopsa. Chimene chavuta ndi njira imene kutenthako kumayenera kudzera potuluka m'makinawo, ndipo kukonza njira imeneyi sikuboola m'thumba. Ndionjezerepo kuti m'malaputopu ambiri a zaka khumi zapitazi purosesa imakhala yowotcherera pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, moti siingazulidwe n'kuikapo ina. Amene akuti mugule purosesayo ndiye kuti akukuuzani kuti mugule motherboard yonse, pa vuto limene mwina likungofuna burashi ndi kachubu ka pesiti, kaphala kothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa.

Kutenthako kumayambira m'purosesa momwemo. Mkati mwake muli kachidutswa ka silikoni, kawirikawiri kosakwana masentimita awiri mbali iliyonse, ndipo pa kachidutswa kameneka pali ma transistor mamiliyoni mazanamazana, pa mapurosesa atsopano mabiliyoni, amene amatseka ndi kutsegula njira ya magetsi maulendo osawerengeka pa sekondi iliyonse. Pafupifupi magetsi onse amene purosesa imadya amathera kusanduka kutentha. Ya laputopu wamba imatulutsa kutentha kwa mawati 15 mpaka 45, pamene ya kompyuta ya patebulo imafika mawati 65 kapena kuposerapo ntchito ikaichulukira. Manambalawa akuoneka ochepa, koma kutentha konseko kumaunjikana pa kamalo kakang'ono, kotero kuti purosesa yopanda choiziziritsa ingafike pa madigiri 100 m'masekondi owerengeka.

N'chifukwa chake pamwamba pa purosesa amamangapo chitsulo cha mkuwa kapena cha aluminiyamu chotchedwa heatsink, chokhala ndi timalata topyapyala tondanda moyandikana kuti mpweya uzidutsa pakati pake. Pakati pa purosesa ndi chitsulocho amapakapo kaphala kotuwa, thermal paste, kamene amisiri amangoti pesiti. M'laputopu, mmene malo ndi opanikizika, mumakhala kapaipi ka mkuwa kophwatalala, kotseka mbali zonse ziwiri, kokhala ndi timadzi pang'ono mkati. Timadzito timasanduka nthunzi ku mbali imene yagunda purosesa, nthunziyo n'kuthamangira ku mbali ya fani kumene imazizira ndi kusandukanso madzi, madziwo n'kubwerera kumene anachokera. Pomaliza fani imakankha mpweya kudzera m'timalata tija, kutenthako n'kutuluka panja. Njira imeneyi ikangotsekeka pa malo amodzi, ngakhale pena ponse pali bwino, kutentha kumatsakamira m'purosesa.

Mapurosesa ambiri a Intel amaloledwa kufika pafupifupi madigiri 100, ndipo ambiri a AMD Ryzen malire awo ndi madigiri 95. Purosesa ikayandikira malirewo imachepetsa dala liwiro lake kuti idye magetsi ochepa, ndipo n'kutheka kuti ndi zimenezi zimene zikuchedwetsa kompyuta yanu ya patebulo, ngakhale kuti kuchedwa kumakhalanso ndi zifukwa zina. Kuchepetsa liwiroko kukapanda kuthandiza, makina amazima pomwepo, osayembekeza kuti musunge kalata ya kasitomala imene munali kutayipa. Apa ndi pamene laputopu yanu yafika.

Tsono za kuzizira kwa Mzuzu. N'zoona kuti mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira, ndipo makompyuta amapumako kusiyana ndi a ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, koma kuzizirako sikuchotsa vuto, kumangolibisa. Kutentha kwa m'chipinda kukakwera ndi madigiri 10, purosesa nayo imakwera ndi madigiri pafupifupi omwewo, chifukwa fani ilibe mpweya wina woziziritsira koma wa m'chipinda momwemo. Laputopu yotsekeka ndi fumbi imene mu Julayi inkagwira ntchito pa madigiri 85 popanda inu kudziwa, mu Okutobala masana, m'kashopu ka malata kopanda siling'i, makina a fotokope akutulutsa mpweya wotentha pambali pake, idzagunda malire aja. Si ngozi kuti vuto lanu layamba mu Seputembala. Miyezi yomweyi ndi imenenso fumbi la m'misewu ya ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo limalowa m'nyumba tsiku lonse, ndipo pa ntchito yanuyo palinso kafumbi ka mapepala kamene sikaoneka msanga. Amene ayandikana ndi akalipentala amalandirakonso utuchi. M'nyengo ya mvula ndi nkhungu fumbi limeneli limayamwa chinyontho n'kumatirira pa timalata tija, ndipo likauma limalimba. Palinso mfundo ina imene ambiri saiganizira: Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo pang'ono. Fani yozungulira pa liwiro lomwelo imanyamula kutentha kochepa kuno kusiyana ndi mmene ikanachitira ku Dar es Salaam. Kusiyanaku pakokha sikungazimitse kompyuta yoyera mkati, koma kwa yotsekeka kale kumaonjezera mavuto.

Musanatsegule chilichonse, yezani. Pali mapulogalamu aulere monga Core Temp ndi HWMonitor amene amaonetsa madigiri a purosesa nthawi iliyonse. Kompyuta ikangokhala osachita kanthu, madigiri 35 mpaka 50 ndi abwino. Ikamagwira ntchito yolemera, 70 mpaka 85 si zodetsa nkhawa, makamaka pa laputopu. Koma ngati ikupitirira 90 inu mukungotayipa mu Word, pali chimene chatsekeka. Lembani manambalawa papepala, m'mawa ndi masana, chifukwa mudzawafuna mukamadzaona ngati kukonzako kwathandiza.

Dzanja lanu nalo lingakuuzeni zambiri. Laputopu ikatentha, ikani chikhatho pafupi ndi timabowo totulukira mpweya. Ngati fani ikusokosa koma mpweya ukutuluka movutikira, timalata tatsekeka ndi fumbi, ndipo malinga ndi phokoso mwanenalo ndikukayikira kwambiri zimenezi. Ngati mpweya ukutuluka wamphamvu koma wozizira pamene pulogalamu ikuonetsa madigiri 95, ndiye kuti kutentha sikukufika ku timalatato: pesiti yauma, chitsulo chakhwefuka, kapena kapaipi kaja kafa. Ngati kulibe mpweya ndiponso kulibe phokoso, fani yaima. Fani yolira mokhwekhwereza kapena yogunda ndiye kuti yatha pakati pamene imazungulirapo, ndipo kuithira mafuta kumangoitalikitsira masiku pang'ono, yofunika ndi ina. Makina ena amanena okha poyaka: malaputopu a HP amaonetsa nambala 90B fani ikavuta ndi 90D akazima chifukwa cha kutentha, a ThinkPad amalemba kuti Fan Error, ndipo makompyuta ambiri a patebulo amalemba kuti CPU Fan Error. Uthenga wotere si wongodutsa podina batani kuti ntchito ipitirire.

Kuyeretsa kompyuta ya patebulo mungathe kuchita nokha. Izimitseni, zulani chingwe kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako itulutseni panja pamthunzi ndi kuchotsa chitseko cha m'mbali. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze zamkati, kuti magetsi amene thupi limasonkhanitsa kuchokera ku zovala asakaononge tizipangizo. Ndi burashi yofewa ndi youma ya penti takasani fumbi la pa heatsink, pa mafani ndi pa timabowo ta kutsogolo, kenako liuluzeni ndi blower yamagetsi. Pouluza, gwirani fani ndi chala kapena ipingeni ndi kamtengo ka machesi kuti isazungulire, chifukwa fani yozunguliridwa mwamphamvu ndi mpweya wa blower imatha kuonongeka pakati pake, ndiponso imapanga magetsi amene amabwerera ku motherboard. Kompuresa yopopera matayala ndisakulimbikitseni, popeza mpweya wake umatuluka ndi timadontho ta madzi ndi mafuta, ndipo kuuzira ndi pakamwa kumangothira malovu pa zinthu zosafuna chinyontho.

Laputopu ndi nkhani ina. Anthu ambiri amaiuluzira kunja, pa timabowo paja, n'kuona kafumbi katuluka, n'kuganiza kuti atha. Koma mukatsegula pansi pake n'kunyamula fani, pakati pa faniyo ndi timalata mumapeza kachigamba kotuwa ka fumbi, ubweya wa zovala ndi tsitsi zitalukana, kokhuthala mamilimita angapo, kotseka njira yonse ya mpweya. Kachigamba kameneka kamasendeka kathunthu mukakakoka ndi kopanira, ndipo kuseri kwake timalata timaoneka tonyezimira. Kuuluzira kunja kumangokakankhira mkati, nthawi zina n'kukakola m'mapiko a fani, faniyo n'kuima. Choncho laputopu iyenera kutsegulidwa, batire la mkati n'kulekanitsidwa kaye ndi motherboard chisanakhudzidwe china chilichonse. Ngati simunatsegulepo laputopu, iperekeni kwa mmisiri, chifukwa tizingwe tophwatalala ta kiyibodi ndi timapulasitiki togwirizira chivundikiro sitichedwa kuthyoka.

Pa nkhani ya pesiti ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene amisiri ena amaonongera makina a anthu. Pamwamba pa purosesa ndi pansi pa heatsink pamaoneka posalala, koma pali timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo zitsulo ziwirizi zikagundana m'timaenjemo mumatsala mpweya, umene sudutsitsa bwino kutentha. Ntchito ya pesiti ndi kudzaza timaenjeto basi. Pesiti imadutsitsa kutentha kuposa mpweya maulendo oposa 100, koma mkuwa umaposa pesitiyo maulendo makumi angapo, kutanthauza kuti pesiti yochuluka, m'malo mothandiza, imatalikitsa zitsulo zimene zimafunika kukhudzana. Kadontho kofanana ndi kambewu ka nandolo pakati pa purosesa ya kompyuta ya patebulo n'kokwanira, pa ya laputopu kocheperapo, ndipo chitsulo chikamangidwa chimakafalitsa chokha. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi pesiti imauma n'kuyamba kufumbutuka, ndipo pa makina ogula ogwirapo kale ntchito ngati anuwo, kawirikawiri imene ilipo ndi yomwe anapaka kufakitale. Yakaleyo ipukutidwe yonse mbali zonse ziwiri ndi kansalu kosasiya ubweya konyowetsedwa ndi mankhwala opukutira zipangizo zamagetsi otchedwa isopropyl alcohol, osati petulo kapena thina. Mankhwala otsukira mano, girisi wa njinga ndi Vaseline si pesiti. Mankhwala a manowo amaoneka ngati athandiza tsiku loyamba, koma amauma msanga, vuto n'kubwerera litakula. Lamulo losafunika kuliphwanya ndi lakuti heatsink ikangonyamulidwa, pesiti yatsopano ipakidwe, yakale isabwezeredwepo.

Kamangidwe kake nakonso n'kofunika. Pa heatsink ya laputopu pambali pa masikuluwu pamalembedwa manambala 1, 2, 3, 4, ndipo amangidwe motsata manambalawo, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chikhale mofanana mbali zonse. Pa makompyuta a patebulo okhala ndi fani ya Intel yobwera ndi purosesa pali timiyendo tinayi ta pulasitiki tolowa m'mabowo a motherboard, ndipo kamodzi kakathyoka kapena kakapanda kulowa bwino chitsulo chimapendekeka, purosesa n'kumatentha ngakhale mulibe fumbi. Pa mapurosesa a AMD okhala ndi timapini pansi, pesiti youma imatha kumata purosesa ku heatsink moti mukakoka molunjika zimazukira limodzi, timapini n'kupindika. Chitsulocho chipotozedwe pang'ono uku ndi uku chisanakwezedwe. Timapadi tofewa timene timakhala pa tizipangizo tina pafupi ndi purosesa tisatayidwe ndipo tisalowedwe m'malo ndi pesiti, chifukwa timatseka mpata waukulu umene pesiti singakwanitse.

Zotsalazo ndi za kakhalidwe ka makina tsiku ndi tsiku. Malaputopu ambiri amakoka mpweya pansi, choncho kuika laputopu pa matiresi, pa pilo kapena pa tebulo loyalidwa chitenje chokhuthala ndi kuitseka pokokera mpweya. Ikhale pa thabwa losalala, ndipo kuikweza kumbuyo ndi zitsekero ziwiri za mabotolo kumatsitsako madigiri popanda kulipira kanthu. Zoikapo laputopu zokhala ndi mafani, zimene zimagulitsidwa m'mashopu, zimathandiza pang'ono chabe, ndipo kugula chimenechi timalata tili chitsekekere ndi kutaya ndalama. Kompyuta ya patebulo isakhale pansi pa simenti, pamene fumbi losesedwa limathera, komanso isatsekeredwe m'kabati ya desiki. Kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma masentimita 10 kapena 15, ndipo isayang'anizane ndi potulukira mpweya wa makina a fotokope kapena kukhala pawindo pamene dzuwa la masana limawomba. Nsalu yofundika ndi yabwino usiku makina atazima ndi kuzizira, osati akugwira ntchito. Ena amachotsa chitseko cha m'mbali n'kulozetsapo fani ya m'nyumba. Zimenezi zingakuthandizeni kumaliza ntchito ya tsiku limodzi, koma zikakhala za masiku onse mukuitana fumbi, mphemvu ndi nyerere. Kuika laputopu yotentha m'firiji kapena kuiyala pa nsalu yonyowa kokha ndiye musayese, chifukwa chinyontho chimasanduka timadontho mkati, ndipo madzi amapha motherboard msanga kuposa kutentha.

Yang'ananinso chimene purosesa ikugwira. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, muone pulogalamu imene ikudya mphamvu zambiri. Pa bizinesi imene mumalandira mafulashi a makasitomala tsiku lonse mavairasi salephera kulowa, ndipo ena mwa iwo amagwiritsa purosesa ntchito mobisa usana wonse, fani n'kumangolira inu musakuchita kanthu. Mapulogalamu awiri olimbana ndi mavairasi pa kompyuta imodzi nawonso amalemetsa makina pachabe. Mu Power Options ya Windows sankhani Balanced, ndipo pa malaputopu ambiri kutsitsa Maximum processor state kuchoka pa 100 kufika pa 99 kumaletsa purosesa kuthamanga mopyola liwiro lake la nthawi zonse, zimene zimatsitsa kutentha moonekeratu pamene pa ntchito yotayipa simungaone kusiyana. Imeneyi ndi njira yodikirira tsiku loyeretsa, siilowa m'malo mwake.

Mwina mungafunse kuti ngati purosesa imadziteteza, chovuta n'chiyani kungoisiya. Chovuta n'chakuti zinthu zoizungulira zilibe chitetezo chotero. Ma capacitor a pa motherboard ndi a m'bokosi la magetsi la m'kati mwa kompyuta ya patebulo, aja ooneka ngati timigolo, moyo wawo umafupika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10 alionse, ndipo akatha amatupa pamwamba. Timfundo towotcherera tizipangizo pa motherboard timafutukuka ndi kukhwinyata makina akamatentha kwambiri ndi kuzizira mobwerezabwereza, mpaka timang'aluka. Batire la laputopu limatha msanga likamakhala potentha, ndipo lina limatupa mpaka kukankha m'mwamba touchpad, kamalo kaja koyendetsapo chala. Mukaona zimenezi lichotsedwe mwamsanga, chifukwa lingathe kuyaka moto. Kuzima kwadzidzidzi nako kumaononga mafayilo ndi Windows yomwe, choncho lero lomwe koperani ntchito za makasitomala anu pa fulashi kapena pa disiki ina musanachite china chilichonse.

Si kuzima konse kumene kumachokera ku kutentha, ndipo kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Kompyuta yozima ndi kutentha imayamba yagwira ntchito kwa kanthawi, ndipo mukaiyatsa nthawi yomweyo imazimanso mofulumira kuposa poyamba, koma mukaisiya theka la ola imapirira. Yozima nthawi ina iliyonse, ngakhale m'mawa kukuzizira madigiri ali pa 50, vuto lake lifunidwe ku chaja, ku batire, ku bokosi la magetsi kapena ku RAM, tizipangizo tosungira kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira. Kumene magetsi amathimathima ndi kubwera mwamphamvu, UPS, bokosi la batire losunga magetsi, kapena choteteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi n'chofunika pa kompyuta ya patebulo, koma chimenecho sichichiza kutentha.

Mukapita kwa mmisiri, tengani pepala lanu la madigiri lija, ndipo mum'pemphe kuti atsegule makinawo inu mukuona, akuonetseni fumbi limene wachotsa ndi chubu cha pesiti imene wapaka, kenako muyezenso limodzi musanalipire. Pa laputopu imene inali yotsekeka kusiyana kwake kumaoneka pompo, ndipo phokoso la fani limatsika. Kwa malo ngati anuwo ndingalangize kuyeretsa kawiri pachaka, mu Ogasiti kutentha kusanayambe ndi mu Disembala fumbi likachepa, pamene pesiti ingadikire zaka zitatu. Ngati zonsezi zachitika bwino, fani ikuzungulira, koma laputopu ikufikabe pa madigiri 95 mpweya wotuluka uli wozizira, chotsala ndi kapaipi ka mkuwa kaja, kamene kakabooka kapena kupindidwa kamasiya kugwira ntchito ngakhale kakuoneka kabwinobwino. Kameneka sikakonzedwa, kamasinthidwa pamodzi ndi heatsink yake, ndipo nthawi zambiri amisiri amakapeza pa laputopu ina yakufa ya mtundu womwewo, choncho lembani nambala ya mtundu wa laputopu yanu imene ili pa kapepala ka pansi pake kuti adzakufunireni koyenera.